Ukamaliza, nditapeza, ndikadadziwa: mbiri ya matchona a ku Bindura m'mawu a "if"

Mwana wa mlongo wanga, amene ali Fomu 4 ndipo amakhala ku Chipadze m'tauni ya Bindura, adanditumizira funso mwezi wathawu. Mphunzitsi wake wa Chingerezi adamudula malikisi chifukwa cholemba kuti "If I would have known, I would have come." Pamwamba pa mawuwo mphunzitsiyo adalemba ndi inki yofiira kuti "If I had known." Mtsikanayo adandifunsa kuti, "Amalume, cholakwika n'chiyani pamenepa, poti zonse ziwiri zikunena za chinthu chimene sichidachitike?"

Ndidamuyankha mwachidule tsiku lomwelo, koma funsolo silidandichoke m'mutu. Limaoneka ngati la m'kalasi chabe, komatu ife amene makolo athu adatchona m'migodi ndi m'mafamu a ku Zimbabwe tidakumana nako kale kamawu aka ka "if" tisadaponde n'komwe pakhomo la sukulu. Kadali m'pangano la ntchito limene agogo athu adadindapo chala, ndipo lero kali m'malamulo onena za amene ali nzika ndi amene ali mlendo. N'chifukwa chake ndaganiza zolemba yankho lalitali, kuti abale a ku Malawi, ku Chipata, ku Lusaka, ku Tete ndi ku Lichinga aone nawo nkhaniyi, ndipo andikonze pamene ndaphonya.

Mfundo yanga ndi imodzi. Chiganizo chilichonse chokhala ndi "if" chimaulula maganizo a wolankhula pa funso ili: kodi chinthuchi chingachitikebe, n'chokayikitsa, kapena mwayi wake udapita? Chingerezi chimaonetsa zimenezi pobweza mneni m'mbuyo. Chichewa chimazionetsa ndi timaphatikizo tating'ono tolowa m'kati mwa mneni, monga -ka-, -ta- ndi -kada-. Mwana amene khutu lake limasiyanitsa "ndikapita", "nditapita" ndi "ndikadapita" wadziwa kale gawo lalikulu la phunziro limene limamusautsa m'Chingerezi. Ndipo mawu atatu amenewa amatsata ndondomeko yomweyo imene mbiri ya anthu athu ku Bindura idatsata.

Ukamaliza

Bindura ndi likulu la chigawo cha Mashonaland Central. Ili m'chigwa cha mtsinje wa Mazowe, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 90 kumpoto chakum'mawa kwa Harare, mzinda umene akuluakulu a kwathu ankautcha Halale. Poyamba malowa ankadziwika ndi dzina lakuti Kimberley Reefs, potengera mgodi wa golide umene udatsegulidwa mu 1901. Dzina la Bindura lidakhazikika mu 1913, chaka chimene njanji idafika n'kupitirira mpaka ku Shamva, kumene kudali mgodi wina wa golide, waukulu koposa. Migodi imeneyi inkafuna manja ambiri pa mtengo wotsika, ndipo eni nthaka, Ashona, ankakonda kulima n'kugulitsa chimanga kusiyana ndi kulowa pansi. Maso a eni migodi adaloza kumpoto.

Kumpotoko nako "if" adali atafika kale. Boma la Nyasaland lidakhazikitsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 lidaukonza motere: msonkho ndi mashiling'i 6, koma ukagwira ntchito mwezi umodzi kwa mzungu, ulipira mashiling'i 3 okha. Malipiro a m'minda ya azungu ku Nyasaland adali otsika kwambiri poyerekeza ndi a kumwera. Motero amuna adayamba kuyenda pansi masabata angapo, kudutsa m'dziko la Apwitikizi, kuwoloka Zambezi, n'kulowa mu Southern Rhodesia cha ku Mutoko kapena ku Mount Darwin. Msewu wa ku Mount Darwin umafikira ku Bindura, choncho migodi ndi mafamu a m'chigwa cha Mazowe adali m'gulu la malo oyamba kulandira apaulendo otopawo.

M'makomboni mudakumana Achewa, Amang'anja, Ayao, Atonga, Atumbuka, Angoni, Asena, Ansenga ndi Achikunda. Madzulo ambiri ankamvana m'Chinyanja. Pa ntchito ankalamulidwa m'Chilapalapa, chilankhulo chosakaniza chimene chinkakwanira pouza munthu kuti nyamula, bwera, fulumira. Koma zonse zomanga munthu zinkalembedwa m'Chingerezi. Lamulo la Masters and Servants la 1901 lidati wantchito wothawa kapena wokana ntchito pangano lake lisadathe ndi wolakwira boma, woyenera faindi kapena ndende. Mu 1903 kudakhazikitsidwa bungwe lolemba anthu ntchito la Rhodesian Native Labour Bureau, limene antchito adalitcha chibalo. Wolemba mbiri Charles van Onselen adatenga mawu omwewo kukhala dzina la buku lake la 1976, Chibaro, lofotokoza moyo wa m'migodi ya dzikolo.

Malipiro ankayendera tikiti. Tikiti imodzi idali ya masiku 30 ogwira ntchito, ndipo tsiku lililonse linkayenera kuchongedwa ndi woyang'anira. Tsiku limene munthu wadwala silinkawerengedwa, ndipo woyang'anira akaona kuti ntchito yachepa, ankatha kukana kuchonga tsiku limene munthu wakhetsa thukuta kuyambira m'mawa. Motero mwezi wa pa tikiti unkatalika kuposa mwezi wa kumwamba.

Apa ndi pamene phunziro loyamba lagona. Tiyerekeze kuti kalaliki akumasulira pangano kwa mnyamata wongofika kumene. M'Chingerezi akhoza kumva bwana akunena kuti "If you finish your ticket, you will be paid", kapena "When you finish your ticket, you will be paid." M'Chichewa zonse ziwiri zimatuluka chimodzimodzi: ukamaliza tikiti, ulandira ndalama. Kaphatikizo kathu ka -ka- kamanyamula matanthauzo onse awiri. Tikati "dzuwa likalowa tiweruka", palibe amene akukayika kuti dzuwa lilowa. Tikati "mvula ikagwa mawa tibzala", pali chikayiko. Chingerezi chimagawa ntchitoyi pawiri: "when" ndi ya chinthu chotsimikizika kuti chifika, "if" ndi ya chinthu chimene chingalephereke. Ndimaganiza kuti anyamata ambiri ankamva "ukamaliza" ngati lonjezo la nthawi, pamene mwini mgodi adali atasunga m'manja mwake mphamvu yonena ngati tikitiyo yathadi.

Pofuna kuchotsa chikayiko, Chichewa chili ndi mlumikizi "ngati": ngati wamaliza, landira. Ana athu polemba Chingerezi ayenera kuyamba adzifunsa ngati -ka- wa m'mutu mwawo ndi wa "ngati" kapena wa "pa nthawi imene". Chachiwiri, ayenera kukumbukira kuti m'Chichewa timaloledwa kuika nthawi yam'tsogolo m'nthambi zonse ziwiri za chiganizo, monga ponena kuti "ukadzamaliza, udzalandira". Mwana akatengera zimenezi m'Chingerezi amalemba "If you will finish, you will be paid", ndipo inki yofiira imamupeza. Pa ziganizo zotere Chingerezi chimafuna mneni wa nthawi yatsopano pambuyo pa "if", ndipo "will" amakhala ku nthambi inayo: "If you finish, you will be paid." Chinthucho n'cham'tsogolo, koma mneni wabwerera sitepe imodzi.

Miyambi yathu yambiri ili m'kanenedwe komweka, chifukwa imakamba zinthu zochitika nthawi zonse. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ukaipa dziwa nyimbo. Ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Pomasulira miyambi yotere m'Chingerezi, "would" alibe malo, pakuti wonena mwambi sakulota. Akuchenjeza za chinthu chimene chingakuchitikire lero.

Amene ankaima pakati pa Chingerezi cha bwana ndi makutu a antchito adali makalaliki, ndipo ambiri mwa iwo adali ochokera ku sukulu za mishoni za ku Nyasaland. Mmodzi wodziwika ndi Clements Kadalie, Mtonga wa ku Nkhata Bay amene adaphunzira ku Livingstonia. Adagwirapo ukalaliki pa mgodi wa Shamva m'zaka za nkhondo yoyamba ya dziko lonse asadapitirire ku Cape Town, kumene mu 1919 adayambitsa bungwe la antchito la Industrial and Commercial Workers' Union. Mu Seputembala 1927 antchito pafupifupi 3,500 a pa mgodi womwewo wa Shamva adanyanyala ntchito kwa masiku angapo pofuna malipiro abwino, motsogozedwa ndi amuna a ku Nyasaland. Sitirakayo idathyoledwa. Komabe pa masiku amenewo chiganizo chidatembenuka. Kwa zaka zambiri antchito ankangomva "ukathawa, umangidwa". Tsopano uthenga wawo kwa eni mgodi udali wa mtundu womwewo: mukapanda kukweza malipiro, pansi sitilowa.

Nditapeza

Pafupifupi aliyense wochoka kumudzi ankapita ndi cholinga chobwerera. Ankafuna ndalama ya msonkho, nsalu, njinga, makina osokera kapena malata. Koma ambiri sadabwerere, ndipo kumudzi adawatcha matchona. Mu 1935 komiti ya boma la Nyasaland, yotsogozedwa ndi Travers Lacey, idafufuza nkhaniyi n'kuyerekeza kuti amuna pafupifupi 120,000 adali kunja kwa dziko, ndipo idadandaula za midzi yotsala ndi amayi, ana ndi nkhalamba. Mu 1936 maboma a Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland adasaina pangano loyendetsera nkhani ya antchito. Kudabwera magalimoto a ulere onyamula anthu kupita kumwera, ndipo nkhondo yachiwiri itatha kudabwera bungwe lina lolemba ntchito limene anthu adalitcha Mthandizi. Padakhazikitsidwanso zoti gawo la malipiro lizisungidwa kuti munthu akalandirire kwawo. Zonsezi zidali njira zokokera amuna kumudzi, koma matchona sadathe.

M'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, kuyenda kudaphweka. Chitaganya chitatha, Malawi idalandira ufulu pa 6 Julayi 1964, ndipo pa 11 Novembala 1965 Ian Smith adalengeza ufulu wa boma lake la azungu. Nthawi yomweyo Bindura idalowa m'nyengo yatsopano. Kampani ya Anglo American idakhazikitsa Bindura Nickel Corporation mu 1966, ndipo mgodi wa Trojan pamodzi ndi ng'anjo yosungunulira nickel zidasandutsa tauniyi kukhala malo a ntchito zokhalitsa. Amuna adaitanitsa akazi awo kapena kukwatira komweko. Ana adabadwira m'komboni. Adamanga mizikiti ndi matchalitchi, adayambitsa magulu othandizana pamaliro, ndipo gule wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure, ankatuluka kumapeto kwa sabata. Oimba otchuka a sungura, Nicholas Zakaria ndi Alick Macheso (Machesoyo adabadwira ku Shamva mu 1968), ndi ana a mabanja otere a m'chigawo chino, ndipo Chichewa chimamveka m'nyimbo zawo zina.

Agogo anga aamuna adachoka ku Dedza ali mnyamata m'zaka za m'ma 1950 n'kugwira ntchito pansi pa mgodi wina wa m'dera la Bindura. Amayi amandiuza kuti iwo ali ana, agogo ankakonda kunena kuti, "Ndikapeza ndalama chaka chino, tonse tipita kumudzi." Ine pamene ndinkazindikira, mawuwo adali atasintha. Ankati, "Nditapeza ndalama, ndingapite kukaona manda a amayi." Palibe tsiku limene adakhazika ana pansi kuwauza kuti ulendo walephereka. Mneni yekha ndiye adaulula. "Ndikapeza" ndi mawu a munthu amene akuwerengera masiku, pamene "nditapeza" ndi mawu a munthu amene akungoyerekeza.

Kusiyana kumeneku ndi komwe kuli pakati pa "If I find money, I will go home" ndi "If I found money, I would go home." Ana ambiri amasokonezeka poona "found", chifukwa adaphunzira kuti ndi nthawi yakale, pamene chiganizocho chikukamba za lero kapena mawa. Chinsinsi chake n'chakuti Chingerezi chimabwereka mneni wa nthawi yakale pofuna kuonetsa kuti chinthucho chili kutali ndi zenizeni. "Will" nayenso amabwerera m'mbuyo n'kukhala "would". Izi zisatidabwitse, pakuti Chichewa chimachitanso chimodzimodzi. Kaphatikizo ka -ta- timakagwiritsa ntchito posimba zakale: nditapeza ndalama, ndidagula njinga. Komanso timakagwiritsa ntchito poyerekeza: nditapeza ndalama, ndingagule njinga. Nthambi yachiwiri ndiyo imatiuza ngati tikumva mbiri kapena maloto. M'Chingerezi chizindikiro chimenecho ndi "would", "could" kapena "might".

Palinso kanthu kamodzi kamene oyesa mayeso amakonda. Poyerekeza chinthu chosemphana ndi zenizeni, Chingerezi cholembedwa chimati "If I were", ngakhale munthuyo ndi mmodzi: "If I were young, I would walk to Dedza." Ife timati nditakhala mnyamata, kapena ndikadakhala mnyamata, bwenzi nditauyamba wapansi. Polankhula anthu ambiri amati "If I was", ndipo amamvana, koma tiona kutsogoloku kuti pali malo ena pamene kusiyana kwa "was" ndi "were" kumalemera.

Ndikadadziwa

Zimbabwe italandira ufulu pa 18 Epulo 1980, ana a matchona adapindula ndi sukulu zimene zidatsegulidwa paliponse. Chingerezi chidakhala khomo la zonse, chifukwa popanda kukhoza phunziro limeneli pa O Level, pamodzi ndi maphunziro ena anayi, munthu ankavutika kulowa koleji kapena kupeza ntchito ya muofesi. Mayeso ankachokera ku Cambridge kufikira pamene bungwe la ZIMSEC lidawatenga m'zaka za m'ma 1990. M'kalasi munkamveka Chingerezi ndi Chishona, ndipo Chichewa chidatsalira kunyumba, pamaliro ndi kudambwe. Ana ambiri ankachita nacho manyazi chifukwa cha maina onyoza monga mabwidi ndi mabhurandaya, lachiwirili lochokera ku dzina la mzinda wa Blantyre. Mgodi wa golide wa Freda Rebecca utatsegulidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ntchito zidaonjezeka, ndipo ambiri adaona ngati nkhani ya kumene munthu adachokera yatha.

Idali isadathe. Malamulo a 1983 ndi 1984 adaletsa munthu kukhala nzika ya maiko awiri. Kuyambira mu 2000, mafamu a azungu atayamba kulandidwa, mabanja ambiri a antchito a m'chigwa cha Mazowe adataya ntchito ndi pokhala nthawi imodzi, alibe mudzi wa makolo m'dzikomo woti athawireko. M'nyengo yomweyo ya ndale zotentha, Pulezidenti Robert Mugabe adanyoza anthu a ku Mbare kuti ndi anthu opanda mitupo, kutanthauza kuti alibe mfunda ndipo ndi obwera. Kenaka mu 2001 lamulo la unzika lidasinthidwa. Aliyense wokhala ndi unzika wa dziko lina adapatsidwa miyezi 6, kufikira Januwale 2002, kuti aukane motsata malamulo a dziko linalo, apo ayi ataya unzika wa Zimbabwe.

Chiganizo cha lamulo limeneli ndi cha mtundu woyamba uja: ukapanda kukana, utaya. M'Chingerezi "ukapanda ku-" ndi "if you do not" kapena "unless", ndipo mneni wake amakhala wa nthawi yatsopano, pakuti chiopsezocho n'chenicheni. Koma mkangano waukulu udabuka pa tanthauzo la mneni. Kodi lamulo likunena munthu amene ali ndi unzika wina, kapena amene angathe kukhala nawo atati aupemphe? Ofesi ya Registrar-General idalimasulira mokulitsa, n'kuphatikizamo anthu obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo lidachokera kunja. Motero munthu wobadwira m'komboni ku Bindura, amene sadaponde n'komwe pa Mwanza kapena pa Dedza, adauzidwa kuti akane unzika wa Malawi umene sadaulandirepo. Kodi munthu angakane bwanji nsima imene sadampatse? Ambiri adatsala ndi zitupa zowatchula kuti ndi alendo, ndipo sadavote pa chisankho cha pulezidenti cha mu Malichi 2002. Kusintha kwa lamulo kwa 2003 kudapeputsako zinthu kwa ana a antchito ochokera m'maiko a SADC, koma si onse adamva kapena adali ndi mapepala ofunika. Mu Novembala 2008, chuma cha dziko chitagwa ndi mtengo wa nickel utatsika, mgodi wa Trojan udaimitsa ntchito kwa zaka zingapo.

M'zaka zimenezo ndidamva mneni wachitatu pakamwa pa agogo. Ankati, "Ndikadadziwa, ndikadabwerera nthawi ya chitaganya." Ena amati "ndikanadziwa", ndipo zonse ziwiri n'zolondola. Akale adaona kale kuti mawu amenewa amafika mochedwa, n'chifukwa chake adati ndikadadziwa ndikadaphika therere. Anansi athu Ashona amati dai ndakaziva haitungamiri, kutanthauza kuti ndikadadziwa satsogola. Abale a ku Lusaka ndi kum'mawa kwa Zambia ali ndi mawu awo akuti sembe, ogwira ntchito yomweyo.

Tsopano tafika pa funso la mtsikana uja. Taonani chiganizo cha agogo: ndikadadziwa, ndikadabwerera. Kaphatikizo ka -kada- kali m'nthambi zonse ziwiri, ngati ng'ombe ziwiri pa goli limodzi. Mwana woganiza m'Chichewa amafuna kuti Chingerezi nacho chifanane mbali zonse, ndiye amalemba "would have" kawiri. Koma Chingerezi cha m'mayeso sichilola "would" kukhala m'nthambi ya "if". Nthambi imeneyo imangobweza mneni sitepe inanso: "know" adasanduka "knew" poyerekeza, tsopano wasanduka "had known" podandaula. Nthambi inayo imatenga "would have": "If I had known, I would have gone back." Cholakwa cha mwanayo sichochokera ku umbuli. Wamva bwino lomwe kuti mwayi udapita, koma wavalika chiganizo cha eni ake malaya a Chichewa.

Nthawi zina chinthu chakale chimene sichidachitike chimakhudza lero. Apa Chichewa chili ndi mawu okoma akuti bwenzi. Agogo akadabwerera, bwenzi ine ndikulima fodya ku Dedza. M'Chingerezi nthambi yoyamba imakhalabe ndi "had", koma yachiwiri imataya "have": "If he had gone back, I would be a farmer now." Mwana amene amadziwa pamene agogo ake amanena "bwenzi ndikulima" sangavutike kusankha pakati pa "would be" ndi "would have been".

Ngati bambo ako adali

Nkhani sidathere pa ndikadadziwa. Mu 2013 Zimbabwe idalandira malamulo atsopano oyendetsera dziko. Ndime 6 idatchula zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo Chichewa, cholembedwa kuti Chewa, ndicho choyamba pa mndandandawo potsata alifabeti. Ndime 43 idakhudza matchona mwachindunji. Mwachidule imati munthu wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asadasindikizidwe ndi nzika yobadwa nayo, ngati kholo lake limodzi kapena onse awiri adali nzika za dziko limene lidalowa m'bungwe la SADC, ndiponso ngati iye ankakhala m'Zimbabwe pa tsiku losindikiza, limene lidali 22 Meyi 2013.

Chonde taonani aneni a m'ndime imeneyi m'Chingerezi chake. Pambuyo pa "if" pali "was", koma nthambi yaikulu ili ndi "is". Mulibe "would". Apa "was" sakuyerekeza kanthu ayi, akunena nthawi yakale yeniyeni. Ndi "ngati" wathu uja: ngati bambo ako adali Mmalawi, ndipo udabadwira kuno n'kumakhala kuno, ndiwe nzika. Yerekezani ziganizo ziwiri izi. "If your father was Malawian, you are a citizen." "If your father were Zimbabwean, you would be a citizen." Choyamba chikukutsegulira chitseko. Chachiwiri chikukuuza mwaulemu kuti bambo ako sadali wa kuno, ndipo iwe si nzika. Munthu woima pa windo la ofesi, amene waphunzira kuti mneni wakale pambuyo pa "if" nthawi zonse amatanthauza maloto, akhoza kubwerera kunyumba ali ndi ufulu m'manja osaudziwa. Lamulo lothandiza ndi ili: usaweruze ndi nthambi ya "if" yokha, yang'ana nthambi inayo. Ukapezamo "is" kapena "will", nkhaniyo ndi yeniyeni. Ukapezamo "would", n'kuyerekeza. Ukapezamo "would have", mwayi udapita.

Ngakhale lamulo lili choncho, ntchito idakalipo. Kuti munthu asinthe chitupa ayenera kuonetsa kuti adabadwiradi m'dzikomo, ndipo ambiri obadwira m'makomboni a m'mafamu ndi m'migodi yaing'ono sadalembetsedwe. Kholo lopanda chitupa limavutika kutengera mwana kalata yakubadwa, ndipo mwana wopanda kalatayo amavutika polembetsa mayeso. Bungwe la Amnesty International lidatulutsa lipoti mu 2021 lofotokoza za anthu otere, amene palibe dziko lowawerengera kuti ndi ake, ndipo zidzukulu za antchito ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia zidali pakati pa nkhaniyo. Amene tili ndi mwayi wowerenga Chingerezi tili ndi ngongole kwa achibale athu amenewa: kuwawerengera ndime 43 mwachifatse ndi kuwaperekeza ku ofesi.

Sindikunena kuti mwana wosadziwa Chichewa sangakhoze Chingerezi. Chishona nacho chimasiyanitsa kana ndi dai, ndipo mphunzitsi wanzeru ku Bindura akhoza kuyambira pomwepo. Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti ana athu ambiri amaloweza "first conditional", "second conditional" ndi "third conditional" ngati masamu achilendo, pamene kunyumba kuli agogo amene amagwiritsa ntchito mitundu yonseyi tsiku lililonse osaphonya. Tikamalankhula nawo Chichewa chodukaduka, chongolamula kuti bwera, idya, gona, tikuwapatsa chilankhulo chofanana ndi Chilapalapa cha pa mgodi. Chichewa chokhwima, chokhala ndi "atati", "pokhapokha", "bola" ndi "bwenzi", chimaphunzitsa mwana kusiyanitsa lonjezo, chiyerekezo ndi dandaulo, ndipo nzeru imeneyi amapita nayo ku chilankhulo chilichonse.

Mtsikana uja ndidamupatsa ntchito. Ndidamuuza kuti akakhale pansi ndi agogo ake aakazi, amene ndi amayi anga, awafunse za moyo wa m'komboni, ndipo alembe chiganizo chilichonse chimene amve chili ndi -ka-, -ta- kapena -kada-, kenaka achimasulire m'Chingerezi. Adabwera ndi ziganizo khumi ndi chimodzi, ndipo adalakwitsa ziwiri zokha. Chimodzi mwa zimene adakhoza chidali yankho la agogowo atafunsidwa ngati akufuna kukaona ku Dedza, kwawo kwa bambo awo. Iwo adati, "Pasipoti ikatuluka, ndipita." Mtsikanayo adandifunsa ngati alembe "if" kapena "when". Ndidamuuza kuti abwerere akawafunse eni mawu. Amayi adati alembe "when".

Abale a ku Tete, Angónia, Niassa, Katete, Nkhotakota ndi Nsanje, ndikupempha kuti mutiuze mmene kwanuko mumanenera chinthu chimene chikadachitika koma sichidachitike. Kodi mumati ndikadapita, ndikanapita, sembe ndinapita, kapena muli ndi mawu ena? Ndipo inu amene mudaphunzira m'Chipwitikizi, kodi timaphatikizo tathuti timakuthandizani kapena timakusokonezani pa aneni a chilankhulo chimenecho? Mukayankha, ndidzasonkhanitsa mayankhowo kuti ana a ku Bindura awaone.